Yankho la Yasmini pa Chitseko cha Chapa

Chapa ya Joaquim, minibasi yoyenda pakati pa Itepela ndi Mandimba, inatha zaka zitatu osalawa madzi. Fumbi linakhuthala mpaka anthu analisandutsa positi. Wofuna mchere ankalemba ndi chala m'mbali, wodwala ankalembera abale ake pazenera. Mafoni analipo, koma foni imafuna netiweki pomwe fumbi silifuna kanthu.

Latifo, wosoka zovala wa ku Mandimba, anali wamanyazi ngati mkamwini watsopano. Chaka chathunthu ankangomuyang'ana Yasmini wa ku Itepela, pakamwa pali gwa. Tsiku lina analimba mtima n'kulemba pachitseko chakumbuyo kuti akufuna banja.

Lachitatu masana mayi Natália, amene anatsika chapayo, anamupeza pamakina.

"Ndamuona Yasmini ndi maso angawa akuyankha pansi pa mawu ako. Thamanga ukawerenge. Amalume ake akuti likadutsa Lachisanu, alandira wogulitsa njinga amene akumufunanso uja."

Latifo anasiya buluku la munthu lili ndi mwendo umodzi, liwiro la mtondo wadooka. Chapa anaipeza pansi pa mtengo wa mango, ili mbee! Palibe ankakumbukira kuti inali yoyera. Mawa lake inkapita kukayezedwa ku Cuamba, ndiye Joaquim anaipereka kwa bambo Norberto, amene chiumireni mjigo amatsuka galimoto yonse ndi botolo limodzi la madzi, otsala n'kumwa.

"Bambo, imani kaye!" anakuwa Latifo.

"Osandisokoneza, mwanawe," anatero bambo Norberto osacheuka. "Fumbi salikhula louma, limakanda penti. Umayamba walikupiza ndi nthenga, kenako kuwaza timadzi ngati mame, n'kupukuta kamodzi, njira imodzi, kuchokera pamwamba. Nsalu umaipinda kuti ikhale ndi mbali zisanu ndi zitatu, mbali iliyonse igwire kamodzi basi."

"Nanga chitseko chakumbuyo?"

"Ndayambira komweko. Zala zokhazokha! Mafuta a zala amaononga penti."

"Koma mwawerenga zimene zinalipo?"

"Ine ndimaona fumbi, sindiona mawu."

Latifo anatembenukira kwa Joaquim, amene anali kudya chinangwa pamthunzi.

"Woyendetsa amayang'ana kutsogolo, m'bale wanga," anatero Joaquim.

Mtima wa Latifo unasweka, ndipo bambo Norberto anagwidwa chisoni. Anatambasula nsalu, kuwerenga mbali zake mosamala, n'kuloza yachitatu.

"Yankho lako silinatayike. Lonse lili apa. Chapayi ikanapita kwa othira ndowa aja, bwenzi lili m'ngalande."

Latifo anaikweza nsaluyo kudzuwa. Anthu anaunjikana, aliyense katswiri. Wa kabaza wina anati fumbi lofiira chonchi ndi la munthu wovomera. Mayi wogulitsa nthochi anainyamula padzanja n'kupukusa mutu.

"Yalemera. Wovomera sachulutsa mawu."

Anakangana mpaka kutsala pang'ono kugwirana m'makolala.

Latifo anaganiza zongofunsanso. Anapita kuchitseko chija n'kuika chala kuti alembe. Chala chinangolira tswii, osasiya ngakhale kamzere.

"Pasanathe miyezi iwiri sipagwira fumbi pamenepo," anatero bambo Norberto monyadira. "Ndapakapo ndi phula."

Pachitsekopo Latifo ankangoona nkhope yake, kukamwa kuli yasa, ndipo Lachisanu linali mkuja.