Intaneti Yoopa Alamu

Mu ofesi ija intaneti inkadziwa mwini wake. Alamu akakhalapo inkathamanga ngati yatumidwa, koma akangotuluka pakhomo nayonso inkanyamuka. Wotsala ndi mkwiyo wa makasitomala anali Make Mapasa, amene ankakhala pa desiki yakutsogolo n'kumalembera anthu inshuwalansi ya magalimoto. Munthu wabwera ndi mapepala a minibasi yake, zonse zalowetsedwa, kwangotsala kutumiza kuti chiphaso chituluke, basi kachizindikiro ka pa kompyuta kayamba kuzungulira osaleka. Ena ankadikira mpaka kuwodzera pa benchi. Ena ankatukwana n'kuwolokera ku ofesi ya tsidya la msewu.

Mwini ofesiyo anali mkulu wake wa mwamuna wa Make Mapasa. Anthu ankangowatchula kuti a Makiyi chifukwa cha mulu wa makiyi umene unkalira pa lamba wawo, moti unkawamva asanaoneke. Mkulu ameneyu sankakhulupirira munthu. Shuga wa tiyi, chidindo, mapepala a pulinta, ngakhale sopo wosambira m'manja, zonse zinkagona m'kabati yachitsulo ya m'chipinda mwawo, ndipo m'chipindamo simunkaponda wina.

Akabwera koyenda ankayamba alowa kaye m'chipindamo kukavula jekete, kenako ankatuluka kudzamva dandaulo. Ankawerama pa kompyuta ya Make Mapasa, kudina kamodzi ndi chala chimodzi, tsamba n'kutseguka bwinobwino.

"Nanga iyi si intaneti, mlamu?" ankatero, akuyang'ana makasitomala kuti nawonso aone.

Palibe chimene mayiyu sanayese. Anazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, anagwedeza waya aliyense amene dzanja lake linkafika, tsiku lina anakwera pampando atanyamula laputopu pafupi ndi windo, siketi atayigwira ndi dzanja linalo. Anaimbira kampani ya intaneti, iwo anati kwawoko zonse zili bwino, azimitse rauta, kabokosi kogawa intaneti, n'kuyatsanso. Rauta yake iti, poti inali kuseri kwa chitseko chokhoma? Atauza alamu, anamuyankha kuti makina amenewo si oseweretsa.

Zikanathera mu ofesi momwemo akanapirira. Koma a Makiyi anapita nayo nkhani kwa mng'ono wawo. Anamuuza kuti iwo akachoka mkazi wake amabweza makasitomala ponamizira intaneti, ndipo chimene amafunira ofesi yopanda anthu masana sakuchidziwa, iwo angoti amutsine khutu. Mwamunayo anali dalaivala wa thiraki, wokhalitsa pamsewu, ndipo anakulira m'manja mwa achimwene akewo. Sanafunse kanthu. Anangoyamba kudya ali chete, kugona atayang'ana kukhoma, ndipo m'mawa wina Make Mapasa anam'peza akufufuza mu foni yake, iye akuchokera kubafa kosambitsa ana. Nkhani yonse anaimvera kwa mkazi wa a Makiyi, amene anabwera ngati wodzapepesa koma maso ali gwa kufuna kuona mmene imupwetekere. Inamupwetekadi. Mayi wa ana awiri, wodzuka kusanache, n'kumuyesa woyendayenda chifukwa cha kachizindikiro kozungulira!

Anauza alamu ake kuti aitane katswiri, apo ayi iye sabweranso. Katswiriyo anabwera, bambo wachikulire wa magalasi omangirira chingwe m'khosi ndi chikwama chodzaza mawaya. Anakhala pa desiki yakutsogolo, anatsegula laputopu yake, anayeza liwiro, anayesa kutsegula masamba osiyanasiyana. Zonse zinali myaa. A Makiyi anaima chapafupi manja ali kumbuyo, akumwetulira ngati munthu amene wawina mlandu. Anauza katswiriyo kuti asadzivutitse, matenda a mu ofesi muno si a makina. Make Mapasa anamva misozi ikubwera, koma anaibweza, chifukwa kulira pamaso pa munthu ameneyu kunali kumupatsa mphoto.

Kenako a Makiyi anakumbukira kuti galimoto yawo ili kugalaja. Analowa m'chipinda, kunamveka chitsulo chikuti phwa, makiyi analira, anakhoma chitseko n'kutsika masitepe. Katswiri anali asanatseke laputopu, akumaliza tiyi wake. Anayang'ana pa sikirini, anavala magalasi, anayang'ananso. Timizere ta netiweki tinali titatsika mpaka kutsala kamodzi, nako kakuphethira. Anafunsa Make Mapasa ngati zimayamba chonchi nthawi zonse, iye anagwedeza mutu kuvomera. Bamboyo anasuzumira pawindo n'kuitana a Makiyi, amene anali asanawoloke msewu.

Anabwerera akung'ung'udza. Atafunsidwa kumene kuli rauta, anatsegula chipinda, kenako kabati. Inali mmenemo, pa shelefu yapakati, pakati pa paketi ya shuga ndi chidindo, mawaya ake atadutsa pa kabowo kamene anaboola okha kumbuyo. Timagetsi take tinali kuthwanima mosalakwa. Katswiri anaika laputopu poti onse aone. Anatseka chitseko cha kabati, timizere tinagwa. Anatsegula, tinakwera. Anabwereza kangapo mwakachetechete, kenako anafotokoza kuti chitsulo chimatchinga mphamvu ya rauta, ndiye a Makiyi akakhoma kabati pochoka amakhala atatsekera intaneti momwemo, akabwera n'kutsegula imamasuka.

A Makiyi anati zinthu zimenezi zimabedwa, munthu sungazisiye poyera. Anawonjeza kuti iwo ankakayikira kale kuti vuto lingakhale chakumeneko. Kupepesa kokha ndiye ayi, sikunawadutse n'komwe m'mutu.

Make Mapasa anaimba foni kwa mwamuna wake, anaikweza mawu kuti onse amve, n'kuipereka kwa a Makiyi.

"Alamu, nkhani ija munakaitula kunyumba kwanga ndinu. Auzeni bambo a mapasa zimene zapezeka."

A Makiyi anailandira foniyo mosatekeseka, anakonza kukhosi.

"Mng'ono wanga, kavuto kaja ndakakonza, kanali kakang'ono. Mlamu ndamukhululukira, zakale zisiye. Usamuvutitse."

Kumukhululukira! Make Mapasa anatembenukira kwa katswiri kuti mwina anenepo mawu amodzi okha. Koma bamboyo, amene ntchito zambiri ankazipeza kudzera mwa a Makiyi ndi anzawo, anali atawerama kukulunga waya amene anali wokulunga kale. Ananong'ona kuti iye zake ndi mawaya, za m'banja salowerera.

Mu foni munamveka phokoso la injini, kenako mawu a mwamuna wake, opepuka ngati munthu amene watula katundu. Anathokoza achimwene ake chifukwa cha mtima wawo wabwino, anathokozanso kachiwiri. Ndiye anaitana mkazi wake n'kumuuza kuti wamva yekha, awathokoze achimwene.

Make Mapasa anailanda foni ija m'manja mwa alamu ake. Mkwiyo umene anausunga nthawi yonseyi unali utachoka pa a Makiyi tsopano, unali pa munthu amene ankagona naye nyumba imodzi. Sanakuwe.

"Atakuuzani kuti ndine woipa munakhulupirira. Lero akuti andikhululukira, mwakhulupiriranso. Ine mkazi wanu, munandifunsapo liti?"

Make Mapasa anadikira, foni ataigwira ndi manja awiri. Kenako mwamuna wake anayankhula motsitsa mawu, mwamantha.

"Iwe, achimwene akumva zimenezi?"