Kalilole wa Malemu Amayi

Maloto aja sanandichoke m'mutu mpaka lero. Ndinalota kalilole wakale wa malemu amayi, wa felemu yosemedwa ku Ulaya, akuphuka masamba agolide. Mzungu wokalamba amene anasema felemuyo anali chigwadire pabalaza panga, akupaka golide ndi nthenga, nyumba yonse ikununkha guluu. Anandiuza m'Chichewa chomveka bwino, "Mayi, musapume mwamphamvu, golideyu amauluka." Nditasuzumira m'kalilolemo ndinaona amayi akumanga duku. Ndinakhudza galasilo, linali lofunda ngati tsaya la munthu.

Kutacha ndinawafotokozera amuna anga, omwe anali atapeza kale munthu wofuna kugula kaliloleyo.

"Ndiye akutanthauzanji malotowo, amake Chikondi?" anandifunsa.

"Kaya, sindikudziwa. Koma wogula wanuyo mumuuze asavutike kubwera."