Mita ya a Silungwe Itayamba Kunama

Esau Silungwe ankakonza mawailesi pa boma la Chitipa, m'kachipinda koyang'anana ndi msika. Chimene ankanyadira kwambiri chinali mita yake yoyezera magetsi. Sinali ya m'thumba ngati za anzake. Chinali chibokosi cholemera chokhazika patebulo, ndipo ankauza aliyense kuti chimayeza chilichonse chokhala ndi moto.

Mark, wakabaza wa ku Kaseye, anawamva mawuwo n'kuwasunga. Tsiku lina anafika akukankha njinga yake yamoto, n'kupempha kuti a fundi ayeze ngati moto ukufika ku pulagi. Esau ankadziwa kuti moto wa pulagi ndi wa mavolti zikwizikwi, koma pakhonde panali anthu, ndipo kubweza mawu kunamuvuta. Anakokera tebulo pakhomo, n'kugunditsa mawaya a mita, Mark n'kuponda kiki yolizira injini. M'chibokosimo munamveka kuti phu, ndipo munatuluka kautsi konunkha ngati tsitsi lopserera. Esau anakupiza utsiwo ndi dzanja, n'kulengeza kuti moto ukufika bwinobwino.

Kuyambira tsiku limenelo mita inayamba kunama. Batire lililonse inkati latheratu. Esau anaweruza mabatire anayi kuti ndi otaya, limodzi la a Sajeni Mthunzi, wapolisi wochokera ku Mulanje. A Sajeni sanakhutire. Anawoloka msewu kupita kwa Rhoda Nakwese, wokonza mafoni ndi masola, ndipo kamita kake ka m'thumba kanati batirelo ndi lamoyo.

Rhodayo anali mng'ono wa mkazi wa Esau. Ntchito anaiphunzira kwa Esau yemweyo, amene mpaka pano ankamutchula kuti mwana wa sukulu.

Atamva za batire la a Sajeni, masana amenewo Esau anatseka chitseko n'kumasula mita. Pafupi ndi polowera mawaya anapeza mavarisita awiri, tizitsulo tozungulira tabuluu, atang'aluka n'kuda bii. Manambala ake anali atapsera limodzi. Anakhuthula katoni ya zotsalira za mawailesi akufa, n'kutola tiwiri tofanana mtundu ndi kukula, n'kuwotcherera. Atayeza batire, mita inanena zoona, ndipo anaimba kanyimbo ka kwaya. Atayeza magetsi a pakhoma, inati afooka kufika pa theka.

Esau anakhulupirira mita. Anayenda mzere wonse wa mashopu kuchenjeza anthu kuti azimitse mafiriji asanapse. Anthu anamvera, poti walankhula ndi fundi. Pofika madzulo mafirizi a mayi wina anali atasungunuka, ndipo wogulitsa nyama anaima pakhomo la Esau kufunsa chifukwa chimene babu la a fundi likuwalira chonchi ngati magetsi afookadi.

M'mawa mwake anaika mita m'thumba la feteleza, n'kuzungulira kuseri kwa msika, ngakhale kuti kwa Rhoda kunali kungowoloka msewu. Atapatsana moni wa Chitumbuka, Esau anati wabwera ndi kantchito koti amuyesere nzeru. Rhoda anavundukula chibokosi, n'kuyang'ana ndi galasi lake lokuzira zinthu kwa nthawi yaitali ndithu.

"Alamu, awa si mavarisita," anatero. "Ndi makapasita. Mwasankha ngati mukusankha mabatani a malaya."

Esau anati anachita dala kuti aone ngati azindikire. Rhoda anathokoza mayesowo, n'kufunsa chimene chinawotcha akalewo. Esau anati mphezi. Unali mwezi wa Julaye, fumbi lili koboo, koma Rhoda anangoti mphezi za chaka chino zikuyenda pa njinga.

Kenako anamuonetsa varisita yachitatu, imene inapulumuka itabisala pansi pa waya, nambala yake ikuwerengeka. Esau anafulumira kutulutsa m'thumba ina yaikulu imene anaichotsa m'chingwe cholumikizira magetsi, n'kunena kuti yonenepa chonchi singalephere. Rhoda anafotokoza, mwaulemu wonse, kuti varisita ili ngati mlonda: imangokhala phee mpaka moto utapyola nambala yake, pamenepo n'kudziponya kuti zamkati zisapse. Ya m'chingweyo nambala yake ndi yotsika, ingamagwire ngakhale moto wololedwa, pamene mita yalembedwa pamphumi kuti imalandira mavolti chikwi. Kunenepa kumangothandiza kupirira nkhonya, komanso yakeyo sikanakwana pamalopo.

"Ndi zomwe ndinakuphunzitsa," anatero Esau.

"Yewo, alamu. Ndiye ndikukukumbutsani."

Rhoda analemba nambala pakapepala n'kupatsa mayi wina wa geni wopita ku Tunduma, ku Tanzania. Anaitanitsa atatu, poti yopulumukayo nayonso inalawa nkhonya. Podikira, anamubwereka Esau kamita kake, kachikasu, kolembedwa RHODA ndi utoto wa m'zikhadabo. Masiku anayi Esau anagwira ntchito chala chachikulu chili pa dzinalo.

Mavarisita atafika, Esau anawawotcherera yekha, Rhoda ataima pambali manja kumbuyo. Anayeza batire ndi mita zonse ziwiri, kenako magetsi a pakhoma, ndipo manambala anagwirizana. Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, Esau anabweza kamitako pamodzi ndi nkhuku. Anapempha kuti nkhaniyi isafike kunyumba. Rhoda analandira nkhukuyo ndi manja awiri, n'kumuuza kuti akulu ake, akazi a Esau, ndi amene anasankha yoti Esauyo agwire.