Uthenga Unamupeza M'thanki

Koma bwanji msuzi wa nsomba, lero, pakati pa sabata? Tiberiu anayang'ana mbale imene inangolowa kumene pa kabowo kolowetsera chakudya, nthunzi ikufuka, ndipo mtima wake unakana. Wophika wa m'sitima muno sachitira munthu chifundo pachabe, mwezi wonse wakhala akuwatumizira mbatata ndi soseji zomwezomwezo, ndiye lero akumbukire yekha kuti Tiberiu ndi mwana wa msodzi wa ku Jurilovca, wokulira msuzi wowawasa — ayi, alipo amene wamuuza, ndipo womuuzayo akudziwa chinthu chimene Tiberiu sakuchidziwa.

Uthenga unabwera m'mawa, atangomukweza kuchokera pansi pa nyanja kumene ankalumikiza mapaipi a gasi. A Costache, oyang'anira ntchitoyo, analankhula pa sipika: bambo ako agwa pakhomo, mbali imodzi yauma, ali m'chipatala ku Tulcea, tayamba kale kukuchepetserani mphamvu ya mpweya pang'onopang'ono kuti mutuluke. Basi. Panalibenso chofunsa, pakuti munthu amene wakhala masabata m'thanki yachitsulo iyi, akupuma mpweya wopanikizidwa kuti thupi lizolowere kulemera kwa madzi akuya, satuluka tsiku lomwelo. Chitseko ndi ichi, dzanja likuchifikira, doko la Constanța silili kutali, koma atati atuluke lero magazi ake angachite thovu ngati mowa wokhutchumula. Ndiye agone pa kabedi kake, adikire masiku, sitima ikuyendayenda pa mafunde osapita kulikonse.

"Imwa usanazizire, iwe," anatero Gelu, mnzake wa pa bedi lapamwamba. Mawu ake anali a bakha, monga a aliyense wopuma mpweya wa m'thankimo. "Ukachedwa ndikulanda."

Anamwa supuni imodzi. Sunkamveka kukoma, m'thanki mulibe chimene chimakoma. Ndipo Gelu nayenso — Gelu amene tsiku silidutsa osamutchula kuti gogo wadazi, amene amamubisira masokosi — kuyambira m'mawa sanamunyoze ngakhale kamodzi, wamupatsa pilo wabwino uja, akuyenda monyang'ama ngati ali pa maliro. Kodi a Costache analankhula naye payekha pamene Tiberiu anali kusamba? Mwambo wake Tiberiu ankaudziwa: munthu wa m'thanki samuuza za imfa, amamuuza za matenda, kuopa kuti angapenge mutu m'chitsulo chopanda potulukira. Anaziona zikuchitikira wina ku nyanja za kumpoto, munthu akusewera makadi, akuseka, sitima yonse ikudziwa kuti mkazi wake anaikidwa kale m'manda. Nthawi imeneyo anati ndi nzeru. Ankatero ali kunja.

Anadina batani la sipika.

"A Costache, ndiuzeni zoona."



"Zoona ndakuuza kale, mwanawe. Mlongo wako aimba akamulola kulowa m'wodi."

Mwanawe. Zaka zonsezi sanamutchulepo choncho.

Anagona chagada, denga lachitsulo lili pafupi ndi mphuno, ndipo anawaona bambo ake tsiku limene ankanyamuka, atayima m'munda wa mphesa kuseri kwa nyumba, akudulira, mpeni ukuwapulumuka m'dzanja, kuutola, kuwapulumukanso. Anaona, sangakane, anaona dzanja lamanjalo likulendewera ngati si lawo, ndipo anati ndi kuzizira, anawauza kuti avale zofunda m'manja, galimoto ikulira kale pamsewu — komanso akanati awatengere kwa dokotala akanalola? Munthu amene anadzichotsa yekha mbedza pachala ndi mpeni womwewo? Sakanalola. Koma mwina akanalola, akanakhala kuti wowapemphayo ndi mwana amene amakhala pakhomo, osati mlendo wobwera ndi chikwama, kudya, kugona, kukonza mpanda theka n'kubwerera kunyanja. Rodica, mlongo wake, ndiye amene wawasenza zaka zonsezi, Rodica ndiye wawapeza pansi, ndipo ngati akunama lero, akunama chifukwa anazolowera kuti mchimwene wake amauzidwa zinthu zikatha.

Dzuwa litapendeka — ankangolidziwira pa kuwala kofika pa kawindo — foni ya m'thanki inalira. Gelu anatembenukira kukhoma n'kudzifunditsa bulangete kumutu.

"Achimwene, ndinu?"

"Ndine. Ali bwanji?"

Rodica nthawi zonse amaseka akamva mawu a bakhawo, amaseka mpaka kutsamwa. Lero sanaseke. Kumbuyo kwake kunkamveka nsapato za anthu, chitseko, mayi wina akulankhula chapansipansi. Chipatala chimamveka choncho, komanso nyumba yodzaza anthu obwera kudzapepesa imamveka choncho.

"Ali pano. Sakulankhula, koma akuti mwina akumva. Ndiika foni pakhutu pawo, lankhulani."

Kamodzi kokha m'moyo wake Tiberiu anawaimbirapo ali m'thanki, ndipo bambo ake anakalipa kuti ana a yani awa akuseweretsa foni, n'kudula. Ndiye tsopano, ngati akumvadi, ngati alipodi pa pilopo, chomaliza kumva kwa mwana wawo chikhale kulira kwa bakha? Anakanikiza chibwano pachifuwa, kufunafuna mawu ake enieni kumene anatsalira, pansi penipeni.

"Ababa. Ndine Tibi. Ndikubwera, ababa."

Mawuwo anatuluka opyapyala, oseketsa, a mwana wosadziwika.

Anaumiriza foni kukhutu, anatseka khutu linalo ndi chala, anasiya kupuma. Munali kanthu mu foniyo, kofewa, kolowa ndi kutuluka, kolowa ndi kutuluka, ndipo anamvetsera mpaka chifuwa kuwawa, osatha kusiyanitsa ngati ndi kupuma kwa bambo ake, kapena kwa Rodica atagwira foniyo pakamwa pake, akudikira kuti mchimwene wake amalize.