Zithunzi Zinabwerera Zopanda Mayina

Bambo a mapasa ankangofuna kuthandiza. Laputopu ya akazi awo inkachedwa, ndiye ataona kuti diski yake ndi yogawidwa pawiri, anafufuta gawo limodzi poliyesa chipinda chopanda kanthu. Osadziwa kuti m'menemo ndi momwe munali zithunzi zonse za banja.

Anathamangira kwa mlamu wawo wokonza makompyuta, thukuta lili kamukamu.

"Mwasungamo china chilichonse chichitikireni zimenezi?" anafunsa mlamuyo.

"Ayi, ndinangoitseka."

"Mwachita bwino, alamu. Mwangozula chikwangwani, nyumba ikadalipo."

Zithunzizo zinabwereradi, koma zopanda mayina, motero anayamba kutsegula chimodzichimodzi. Choyamba chinali cha ukwati. Chachiwiri, mapasa akukwawa. Chachitatu chinali cha bambo a mapasa eni akewo, ali mtulo pampando wa pabalaza, kukamwa kuli yasa, rimoti ili pamimba. Chotsatira chimodzimodzi, chinanso chimodzimodzi. Mpando womwewo, malaya okha ndiwo ankasintha, imvi zikuchuluka, dazi likukula.

Mlamu anaseka mpaka misozi. "Si inu mumati simugona pampando, mumangopumitsa maso?"

Atafika kunyumba, bambo a mapasa anaulula zonse, kenako anafunsa mwamanyazi: "Nanga zaka zonsezi mumandijambuliranji ndili mtulo?"

Mayi a mapasa analandira laputopu ija ndi manja awiri n'kuiika patali ndi amuna awo.

"Ndi nthawi yokhayo imene simukonza zinthu zosawonongeka," anatero, akuwapukuta thukuta pachipumi. "Khalani pansi, bambo, mupumitse maso."