Gudumu la Kumanzere

"Pondaninso, Ata! Pondani mwamphamvu!" anafuula Sagyn akuthamanga m'mbali mwa kavalo.

Bambo ake, a Temirkul, anapondanso. Chokokolera udzu chinangolira kuti kwatakwatakwata, mano ake aatali aja osadzuka. Udzu unali utadzaza m'manomo mpaka kusefukira, kavalo n'kuyamba kupumira m'mwamba. Nkhalambayo inakoka zingwe, n'kutsika pampando nkhope ili gwa.

Burul, mkazi wa Sagyn, anali chogwada pamthunzi wa ngolo akuthira tiyi, mwana wake Aiperi ali gone pambali. Atamva kulirako anaphonya kapu, tiyi n'kutayikira pabuledi.

Udzu wa dambo lonse unali pansi, masiku atatu chiutchetchereni, utauma bwino. Amuna asanu a m'mudzi anali atabwera ndi mafoloko awo kudzathandiza kuunjika, ndipo ankangodikira kuti chokokolera chiwaikire udzuwo m'mizere. Kumapiri a kumadzulo kunali kutayamba kuda. Udzu ukanyowa uli pansi umawola, ndipo ng'ombe ziwiri ndi nkhosa makumi atatu sizingadye chipale chofewa miyezi isanu ndi umodzi yachisanu.

Chokokoleracho chinali chachikulu msinkhu kuposa Sagyn: magudumu awiri ofika pachifuwa, mpando pakati, mano opindika makumi atatu kumbuyo. Mano akadzaza udzu woyendetsa amaponda chopondera, kambedza n'kukola timano ta m'kati mwa gudumu, gudumulo pozungulira n'kunyamula mano onse, udzu n'kutsala pamzere. A Temirkul sankalola munthu kuchikhudza popanda chilolezo, ngakhale mwana wawo yemwe.

"Anachigwiritsa ntchito komaliza ndani?" anafunsa, ngakhale aliyense ankadziwa.

"Ndine, achimwene," anayankha a Esenbai, oyandikana nawo nyumba, amene anabweretsa kavalo ndi ngolo yawo kudzatutira udzu. "Ndipo ndinabweza chili bwinobwino. Munachiyendera nokha ngati mukugula mkwatibwi."

Amuna aja anaseka. A Temirkul sanaseke.

"Bwinobwino? Nanga chikulirachi n'chiyani, chikuimba nyimbo?"

"Mwina chakalamba ngati mwini wake. Mawondo akukana kudzuka."

Kuseka kunabukanso, koma kunazima msanga. A Temirkul anagwada n'kuyamba kugogoda kambedza ndi nyundo. Anathirapo mafuta. Anakwera, n'kuponda. Kwatakwatakwata.

Burul anawerama ngati akupukuta tiyi uja. Kulira kumeneko ankakudziwa. Anasiya sukulu ali ndi zaka khumi ndi zinayi n'kukhala pampando wa chokokolera cha bambo ake zilimwe zitatu. Timano ta m'gudumu n'topendekera mbali imodzi ngati ta macheka. Gudumu la kumanja likapita kumanzere, timanoto timayang'ana kumbuyo, kambedza n'kumangotsetsereka pamwamba.

Ndipo ankadziwa amene anasemphanitsa magudumuwo. Mwezi wa Febuluwale Sagyn ndi bambo ake anapita kumapiri kukakhala ndi ziweto masabata asanu. Apongozi ake aakazi anamwalira kale, choncho Burul anatsala yekha ndi mwana. Aiperi anali atangoyamba kukwawa, ndipo ulendo wake unali umodzi basi: wopita kumbaula yotentha ya pakati pa nyumba. Tsiku lina anapsa chala. Burul sanaganize kawiri. Anapita kushedi, anachirikiza chokokolera ndi chipika, anazula mapini, n'kugubuduza magudumu onse awiri mpaka m'nyumba. Anawamanga ndi chingwe kutchinga mbaulayo, iye n'kumatha kukakama ng'ombe mtima uli pansi. M'mawa wa tsiku lobwerera amunawo anawabwezeretsa mothamanga, mwana akulira. Za kumanja ndi kumanzere sanazikumbuke, iyeyo, mwana wa bambo ake.

Sagyn anabwera kudzamwa madzi. Burul anamukoka malaya.

"Magudumu asemphana," ananong'ona. "Auzeni Ata asinthe, lakumanja lipite uko."

"Wadziwa bwanji iwe?"

"Ingowauzani. Onani mitamboyo."

Sagyn anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anapita. A Temirkul anasuzumira m'kati mwa gudumu, anayendetsa chala patimano, n'kuimirira pang'onopang'ono.

"Zoonadi. Asemphana." Anatembenukira kwa a Esenbai. "Magudumu amenewa ine sindinawachotsepo chichokereni boma lakale. Ndiye kuti unachiphwasula, Esenbai. Unachiphwasula, n'kubweza mwakachetechete, lero n'kumandiseka pamaso pa anthu. Unkafunamo chiyani? Unasinthamo chiyani ndi zako zowola zija?"

"Achimwene, samalani pakamwa."

"Bambo ako analinso choncho. Akabwereka chishalo, chinkabwera chopanda lamba."

A Esenbai anavula chipewa, n'kuchivalanso.

"Zaka makumi anayi ndakhala ndikumwa tiyi m'nyumba mwanu," anatero motsitsa mawu. "Lero mwanditcha wakuba, mwadzutsanso ndi bambo anga m'manda. Tutani nokha udzu wanu."

Anayamba kumanga kavalo wawo pangolo. Azibale awo awiri anatola mafoloko n'kuwatsatira. Burul ananyamula mwana kumuchotsa pamthunzi wa ngoloyo. Sagyn anayandikira.

"Ndiwe, eti?" anafunsa mano ali okukuta. Burul anagwedeza mutu kuvomera. "Ndiye tseka pakamwa. Iwo aja ayanjana okha, amakangana chaka chilichonse. Ukayankhula pano, ine nkhope ndiika kuti?"

Burul anakhala chete. Mtengwa sayankhula pakati pa amuna asanafunsidwe. Satchula ngakhale dzina la apongozi ake, kapena mawu aliwonse ofanana nalo. Dzina la a Temirkul limachokera ku mawu a chiyankhulo chawo otanthauza chitsulo, ndiye zaka zitatu zonse za ukwati Burul anali asanatchulepo chitsulo. Ankangoti cholimba. Anaona ngolo ikutembenuka, anaona msana wa a Esenbai utawerama. Munthu yemweyo ndi amene anathamanga pakavalo m'chipale kukaitana mzamba tsiku lobadwa Aiperi. Ngolo inadutsa pamtsinje, inakwera kamtunda, n'kubisika. Burul anali akadali chete.

Mphepo yozizira inawomba, udzu n'kuyamba kuuluka. A Temirkul anali akutukwanabe chamumtima uku akufunafuna chipika.

"Ata."

Mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri moti Burul anabwereza. "Ata, si iwo aja. Ndine."

Amuna awiri otsala aja anayang'ana pansi. Sagyn anatembenukira kumapiri.

"Wati chiyani, mtengwa?"

"Ndinachotsa ndine, muli kumapiri. Mwana anapsa pambaula. Ndinalibe chotchingira, matabwa akanayaka, ndiye ndinafuna cha... cholimba. Ndinazula tolimba tiwiri tija ta kumapeto kwa cholimba chachitalicho, kenako pobwezera ndinaika cholimba cha uku..."

"Cholimba chiti? Chonsechi n'cholimba!" anakalipa a Temirkul. "Nena chitsulo, mwana iwe, mvula ikubwera!"

Mmodzi wa amuna aja anafwenthera m'chipewa kubisa phwete. Burul sanathe kulitchula liwulo. Anapereka mwana kwa Sagyn, anatola chipika, n'kuchilowetsa pansi pa chokokolera monga anachitira tsiku lija. Anazula pini ndi dzanja limodzi. Amunawo anangoti kukamwa yasa.

"Gwirani uko," anauza mwamuna wake, maso ali pansi. "Ayi, mwanayo m'patseni Ata."

Nkhalambayo inalandira mdzukulu wake mosayembekezera. Inatenga kadzanja kake n'kuyang'ana kachipsera ka pachala.

Magudumu anasinthidwa tiyi asanazizire. A Temirkul anakwera, anayenda mikono khumi, n'kuponda. Mano onse anadzuka kamodzi, udzu n'kutsala pamzere wowongoka, mano n'kugwanso pansi kuti khwa. Palibe anawomba m'manja.

Anagwira ntchito osapuma. Burul anagoneka mwana pachikopa n'kutenga foloko imene inatsala. Koma manja asanu ndi limodzi ndi ngolo imodzi zinali zitapita. Pamene madontho oyamba amagwa, anali ataunjika dambo la kumtunda lokha. La kumunsi, lomwe linali ndi udzu wabwino koposa, linali m'mizere yake yokongola, ndipo linanyowa ali chiimire kuliyang'ana.

"Ng'ombe imodzi sidzaona chilimwe," anatero Sagyn ali panjira yobwerera. "Tidzagulitsa chipale chisanagwe. Ukanayankhula msanga, kapena ukanangokhala chete mpaka kalekale. Iwe wasankha pakati."

Burul ankadziwa kuti zinali zoona.

Kunyumba anakoleza moto n'kuteleka tiyi. A Temirkul sanalowe. Burul anawaona pawindo ataima pabwalo, mvula ikuwatsika m'ndevu. Anamasula chikwapu chawo cha kavalo m'chiuno, anachiyang'ana, n'kuchikoloweka m'khosi. Burul anagwira pakamwa. Munthu amakoloweka chikwapu m'khosi akamapita kukapempha chikhululukiro, ndipo amayenda wapansi, mudzi wonse ukuona. A Temirkul anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo anali asanachitepo zimenezo.

Anatuluka chothamanga, mpango uli m'manja.

"Ata, ndipite ndine. Cholakwa n'changa."

"Iwe unasemphanitsa magudumu," anatero osamuyang'ana. "Bambo ake a Esenbai anawatchula ndani? Iwe?"

Anayenda masitepe angapo, n'kuima.

"Sagyn! Chipale chisanagwe, mbaula ija uitchinge ndi chitsulo. Mwamuna wanji iwe, mkazi kuchita kuphwasula makina a bambo ako?" Kenako, ali chipenyere kutsogolo: "Ndipo iwe mtengwa, gudumu la kumanzere ulimange kansalu kofiira. Ine maso atha."

Burul anabwerera m'nyumba, anakulunga buledi awiri otentha m'nsalu, anapsompsona mwana n'kumusiya m'manja mwa bambo ake. Apongozi ake anali atafika kale pamsewu, akuyenda pang'onopang'ono m'matope, chikwapu chikulendewera pachifuwa. Makatani a nyumba za anthu anayamba kusuntha. Burul anafunda mpango, anakumbatira buledi uja kuti asanyowe, n'kuwatsatira pambuyo, masitepe atatu.