Tabweretsani Timuyeze

Pachipatala chonsecho, pakafunika kulanda munthu chinthu popanda ndewu, ankaitana nesi wamkulu wa ku wodi ya odwala matenda a maganizo. Anali ndi lilime lofewa mayi ameneyu. Anzake ankamuseka kuti angathe kunyengerera galu mpaka kulavula fupa. Iye ankaseka nawo, koma mumtima luso limenelo ankadana nalo.

Tsiku lina bambo wina anabwera ndi mkazi wake, mtsikana ndithu, atakumbatira khanda loti mchombo wangouma kumene. Bamboyo anafotokoza ali chiimire: mkaziyo sagona, sadya, akumva mawu omuuza kuti mwanayo ndi wodetsedwa, ndipo m'mawa anamupeza atadzaza bafa ndi madzi mpaka pakamwa, mwana ali m'manja. Dokotala anacheza ndi mkaziyo, n'kugamula kuti agonekedwe, afune asafune. Kugamulatu n'kosavuta. Dokotala anapita kukaona odwala ena, mwana akadali pachifuwa pa amake, chonsecho wodi yokhoma siilola makanda.

Alonda awiri anaima pakhomo akupinda manja a malaya. Nesi anawakodola ndi diso kuti adikire. Anawaonapo anthu amenewa akugwira wodwala, ndipo ankadziwa kuti khanda silingatuluke bwino pakati pa zigongono zawo.

Nesi anakhala pabenchi pafupi ndi mayi wa khandayo. Anayamikira kachipewa koluka ka mwana, anafunsa ngati amagona bwino, ngati wafanana ndi abambo ake. Kenako anatulutsa njira yake yakale. Mayi aliyense, ngakhale mutu utasokonezeka chotani, akamva za sikelo amapereka mwana.

"Tabweretsani timuyeze, amake mwana. Sitichedwa."

Mayiyo anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anakonza kachipewa kaja n'kumupatsa.

Nesi anayenda m'khonde osacheuka. Anadutsa chipinda cha sikelo n'kukapereka mwanayo kwa azakhali ake, amene ankadikira panja ndi thewera paphewa. Kumbuyo anamva chitseko chachitsulo chikutsekeka. Anayembekezera kukuwa, poti ambiri amakuwa, koma kunali zii. Yunifolomu yake inali ikadali yofunda pamene panatsamira mwana.

Masiku otsatira nesi wolimba mtima uja anasanduka wamantha. Anasinthana ntchito ndi anzake kuti asafike pa bedi la pawindo, pamene ankagona mayi uja. Mkaka unkanyowetsa diresi la mayiyo, ndipo anesi achitsikana ankamuthandiza kuufinyira m'kapu n'kukautaya m'sinki, chifukwa dokotala anati mankhwala amene akumwa sangayenderane ndi mwana. Nesi wamkulu ankamva mpopi ukutsegulidwa, chakudya n'kumukanika. Kunyumba ankakalipira ana ake pa zinthu zopanda pake. Dokotala anamuuza kuti asadzizunze, anapulumutsa moyo. Zinali zoona, koma chisoni sichinachoke.

Mankhwala atayamba kugwira, mayiyo anayamba kusamba yekha ndi kupesa tsitsi. Masana ena anamuona nesi akudutsa ndi thireyi ya mapiritsi, n'kumuitana. Pothawira panalibe. Nesi anaika thireyi pansi n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Anali atakonza mawu ambiri, onena za malamulo, za chitetezo cha mwana, koma onse anamuthawa.

"Ndinakunamizani," anatero. "Mwana uja sindinamuyeze."

Mayiyo anati anazizindikira chitseko chitangotsekeka. Sanakwiye, ndipo sanakweze mawu. Ankasalaza nsalu ya pabedi ndi chikhatho, pang'onopang'ono.

"Mukanandiuza zoona ndikanakupatsanibe, anesi. Manja angawa ndinkawaopa. Ndinkafuna wina amuchotsemo."

Nesi anamva mtima ukuyamba kupepuka, ndipo anatsegula pakamwa kuti athokoze. Mayiyo anali asanamalize.

"Kungoti ndikanamuyamwitsa kaye. Anali asanayamwe chidzukire. Ndinkati ndimuyamwitsa mukabwera naye." Anayang'ana pachifuwa pake, pamene diresi linali louma tsopano. "Pano mkaka unatha."

Wodwala wa bedi lotsatira anayamba kufunsa za mapiritsi ake, koma nesi uja wa lilime lofewa anangokhalabe pomwepo, misozi ikugwera pa yunifolomu.